Maselo a glia: osamalira ubongo ndi minyewa, ndi matenda a kwathu amene amawakhudza

Khate, kaodzera, malungo okwera kumutu ndi khunyu yobwera ndi nyongolotsi ya nkhumba ndi matenda anayi osiyana, ndipo alimi a ku Marávia ndi a kutsidya kwa malire ku Zambia amawadziwa mayina ake. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti onsewa amakhudza gulu limodzi la maselo a m'thupi, lotchedwa glia. Kudziwa ntchito ya maselowa kumathandiza kumvetsa chifukwa chake dzanzi la khate limafunika mankhwala msanga, chifukwa chake kaodzera akafika mu ubongo amavuta kuchiza, ndiponso chifukwa chake chakudya cha mwana wamng'ono chimakhudza nzeru zake mpaka atakula.

Kodi glia n'chiyani?

Thupi la munthu linapangidwa ndi tizigawo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Pa Chipwitikizi selo imodzi amati célula. Mu ubongo, mu mnyewa waukulu wa mumsana (medula espinhal) ndi m'minyewa yonse yofika ku manja ndi ku miyendo muli magulu awiri akuluakulu a maselo. Tikamati minyewa m'nkhani ino tikunena tingwe tonyamula mauthenga, timene Achipwitikizi amati nervos. Mitsempha ya magazi ndi chinthu china.

Gulu loyamba ndi la maselo onyamula mauthenga, otchedwa manyuroni (neurónios). Mukaponda munga, ndi iwo amene amauza ubongo kuti phazi lalasidwa, ndipo ndi iwo amene amabweza lamulo loti mwendo ufutuke. Gulu lachiwiri ndi la glia. Awa amadyetsa manyuroni, amawakuta, amachotsa zinyalala pakati pawo, amalimbana ndi tizilombo, ndipo amatseka bala pakavulala.

Dzina lakuti glia linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza guluu kapena ulimbo. Analipereka ndi dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, mu 1856, chifukwa iye ankaganiza kuti chinthuchi ntchito yake ndi kungomata manyuroni kuti asamwazike. Zinatenga zaka zambiri kuti akatswiri aone kuti ulimbowo ndi maselo amoyo, amitundu ingapo, uliwonse ndi ntchito yake. Dokotala wa ku Spain, Pío del Río-Hortega, ndiye anasiyanitsa mitundu iwiri mwa imeneyi: microglia mu 1919 ndi oligodendrocyte mu 1921.

Kwa nthawi yaitali mabuku ankaphunzitsa kuti glia ndi ochuluka kakhumi kuposa manyuroni. Mu 2009 gulu la wasayansi wa ku Brazil, Suzana Herculano-Houzel, linawerenga mwa njira yatsopano ndi kupeza kuti ubongo wa munthu wamkulu uli ndi manyuroni pafupifupi mabiliyoni 86, ndipo maselo enawo, amene ambiri mwa iwo ndi glia, ali pafupifupi mabiliyoni 85. Ndiye kuti magulu awiriwa ndi olingana: pa nyuroni iliyonse pali womusamalira mmodzi.

Astrocyte: wodyetsa ndi woyang'anira

Mtundu woyamba ndi astrocyte (astrócito), dzina lotanthauza selo yooneka ngati nyenyezi, chifukwa ili ndi timanja tambiri totambasukira mbali zonse. Timanja tina timagwira manyuroni, tina timakuta mitsempha ing'onoing'ono ya magazi.

Ubongo umalemera pafupifupi magawo 2 okha pa magawo 100 a thupi lonse, koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu akupuma. Manyuroni alibe nkhokwe yakeyake. Ma astrocyte ndiwo amasunga kashuga pang'ono ndi kupatsira manyuroni chakudya ntchito ikachuluka. Mbali ina ya ubongo ikamagwira ntchito kwambiri, iwo amathandizanso kuti magazi apite ochuluka kumeneko.

Ntchito yachiwiri ndi kusesa. Nyuroni ikamapereka uthenga kwa inzake imatulutsa timadzi tina, monga glutamate, komanso mchere wa potaziyamu. Zimenezi zikatsalira pamalopo, manyuroni amayamba kuwombera mauthenga mosalekeza, ndipo munthu akhoza kukomoka ndi kugwedezeka, kapena manyuroniwo akhoza kufa. Ma astrocyte amayamwa zotsalazo mwamsanga.

Ntchito yachitatu ndi ya mpanda. Mitsempha ya magazi ya mu ubongo ndi yolukana kwambiri kuposa ya kwina kulikonse m'thupi, kotero kuti zinthu zambiri zoyenda m'magazi sizidutsa kulowa mu ubongo. Paul Ehrlich wa ku Germany anaona zimenezi m'zaka za m'ma 1880, pamene anabaya nyama utoto m'magazi: ziwalo zina zonse zinasintha mtundu, koma ubongo ayi. Mpandawu umamangidwa ndi maselo a khoma la mtsemphawo, ndipo ma astrocyte amathandiza kuti ukhale wolimba. Ubwino wake ndi wakuti poizoni ndi tizilombo tambiri timalephera kulowa. Kuipa kwake ndi kwakuti mankhwala ambiri nawonso amalephera.

Pomaliza, ubongo ukavulala ma astrocyte amakula, nazungulira balalo, napanga chipsera. Chipseracho chimatchinga kuti vuto lisafalikire, koma nthawi zina chimasanduka gwero la khunyu.

Oligodendrocyte ndi selo ya Schwann: okuta minyewa

Aliyense amene anakokapo waya wa sola amadziwa kuti mkuwa wa m'kati umakutidwa ndi pulasitiki. Nyuroni nayonso ili ndi kangwe kake katali kopititsa uthenga, ndipo tingwe tambiri timakutidwa ndi chofunda chamafuta choyera chotchedwa mayelini (mielina). Mu ubongo ndi mu mnyewa wa mumsana, chofundachi chimapangidwa ndi oligodendrocyte, ndipo selo imodzi imatha kukuta tizidutswa ta tingwe makumi angapo. M'minyewa ya m'manja, m'miyendo ndi kumaso chimapangidwa ndi maselo a Schwann, otchedwa dzina la Theodor Schwann amene anawafotokoza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1830. Selo ya Schwann imodzi imakuta kachidutswa kamodzi kokha, modzikulunga kangapo ngati nsalu yomangira bala.

Chofundachi chili ndi timipata, monga mfundo za nzimbe, ndipo uthenga umadumpha kuchoka pa mpata wina kufika pa wina. N'chifukwa chake umathamanga. M'kangwe kosakutidwa uthenga umayenda mita imodzi kapena awiri pa sekondi. M'kangwe konenepa kokutidwa bwino umatha kufika mamita 120 pa sekondi, kutanthauza kudutsa bwalo lonse la mpira sekondi imodzi isanathe.

Pali kusiyana kwina kofunika. Mnyewa wa m'dzanja ukadulidwa ndi chikwanje n'kulumikizidwa kuchipatala, maselo a Schwann amachotsa zowonongeka ndi kundanda ngati njira, kuti kangwe katsopano kamere motsatira iwo. Kamamera pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndiye kuti dzanja limatenga miyezi kuti liyambenso kumva. Mu ubongo ndi mumsana zimenezi sizichitika bwino: chipsera ndi zotsalira za mayelini zimatchinga njira. Ichi ndicho chifukwa chake munthu wothyoka msana pa ngozi ya njinga yamoto kapena wogwa mumtengo nthawi zambiri amapuwala mpaka kalekale, ndipo n'chifukwa chake wovulala khosi kapena msana ayenera kunyamulidwa atagona chowongoka pa thabwa kapena chitseko, osamupinda.

Microglia: alonda

Microglia ndi tating'ono kuposa ena onse, ndipo ndi pachibale ndi maselo oteteza thupi a m'magazi. Amalowa mu ubongo mwana akadali kamluza m'mimba, nakhala momwemo moyo wonse. Timanja tawo sitipuma, timangofufuza ponseponse. Akapeza kachilombo kapena selo yakufa, amakameza. Pamene mwana akukula, amaduliranso timalumikizano ta manyuroni timene sitikugwira ntchito, monga mlimi amapatulira chimanga kuti chotsalacho chikule bwino.

Koma mlonda akapsa mtima kwa nthawi yaitali amawononga ndi za m'nyumba zomwe. Microglia akakhala pa nkhondo milungu kapena miyezi, timadzi timene amatulutsa timavulaza manyuroni ndi mayelini. Izi zimaoneka m'matenda ambiri, kuphatikizapo HIV yosamweredwa mankhwala, chifukwa kachilomboka kamatha kubisala m'maselo amenewa ndi kuchititsa kuiwalaiwala ndi kuchedwa kuganiza.

Maselo a ependyma ndi madzi a mu ubongo

M'kati mwa ubongo muli timphako todzaza madzi oyera, ndipo madzi omwewo amazungulira ubongo ndi mnyewa wa mumsana kuti zisamagundane ndi mafupa. Makoma a timphakoti anayalidwa ndi maselo a ependyma, amene ali ndi timaubweya tokankha madziwo. Ena mwa maselo a mtundu umenewu ndiwo amatcheza madziwo kuchokera m'magazi. Munthu wamkulu amakhala ndi pafupifupi mamililita 150 nthawi imodzi, koma thupi limapanga pafupifupi theka la lita pa tsiku, ndiye kuti madziwo amasinthidwa katatu kapena kuposerapo tsiku lililonse.

Khanda likadwala matenda oumitsa khosi (meningite), zipsera zimatha kutseka njira ya madziwa. Madzi amadzadza, mutu umakula msanga kuposa thupi, liwombo limatukuka, maso amayang'ana pansi. Awa ndi matenda ofuna opaleshoni, ndipo mwana wotere ayenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu monga Hospital Provincial de Tete asanachedwe. Madzi omwewa ndi amene madokotala amatenga ndi singano kumsana pofuna kudziwa ngati tizilombo tafika mu ubongo.

Mu 2012 gulu la Maiken Nedergaard ku yunivesite ya Rochester ku America linafotokoza kuti madziwa amadutsa m'mphepete mwa mitsempha ya magazi, mothandizidwa ndi ma astrocyte, n'kutsuka zinyalala za mu ubongo. Chaka chotsatira anaonetsa pa mbewa kuti kutsukaku kumachitika kwambiri nthawi ya tulo.

Khate: kachilombo kokhala m'maselo a Schwann

Pa matenda onse a kwathu, khate ndilo limalunjika glia mwachindunji. Kachilombo kake, Mycobacterium leprae, kanapezedwa ndi Gerhard Armauer Hansen ku Norway mu 1873. Kamakonda malo ozizirirapo a thupi, ndipo kamalowa ndi kuswana m'kati mwa maselo a Schwann a minyewa yoyandikira khungu: pa chigongono, pa mkono pafupi ndi dzanja, kuseri kwa bondo, pa kakolo ndi kumaso. Kamakula pang'onopang'ono, kotero kuti zizindikiro zimatha kuoneka patapita zaka 5, kwa ena mpaka zaka 20.

Maselo a Schwann akadwala, chofunda cha mnyewa chimasosoka. Asilikali a thupi akabwera kudzalimbana ndi kachilomboko, mnyewa umatupa ndi kufinyika. Zotsatira zake ndi zitatu: khungu limachita dzanzi, minofu ya zala ndi ya phazi imafooka, ndipo thukuta limasiya kutuluka kotero kuti khungu limauma ndi kung'ambika.

Zala za wodwala khate sizithothoka zokha. Chimachitika n'chakuti dzanja losamva ululu limagwira mphika wotentha, limatuluka matuza ndi mpini wa khasu, phazi limaponda chitsa, koma mwini wake sadziwa. Zilondazo zimalowa tizilombo tina mpaka fupa limadyeka. Ululu ndi mlonda wa thupi, ndipo khate limachotsa mlondayo.

Chizindikiro choyamba kawirikawiri ndi banga lotuwa kapena lofiirira pakhungu, losayabwa, limene silimva mukalikhudza ndi thonje. Khate limachizika ndi mankhwala atatu omwera pamodzi, rifampicina, dapsona ndi clofazimina, kwa miyezi 6 kapena 12 malinga ndi kukula kwa matendawo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, OMS kapena WHO, lakhala likupereka mankhwalawa kwaulere kuyambira 1995. Wodwala akayamba kumwa amasiya kupatsira ena, ndipo palibe chifukwa chomupatula kapena kumuthamangitsa pakhomo. Mkodzo ukafiira kapena khungu likada pang'ono, ndi mankhwalawo, asasiye kumwa.

Chofunika kwambiri ndi nthawi. Mankhwala amapha kachilombo, koma sabwezeretsa mnyewa umene unafa kale. Dzanzi kapena kufooka kumene kwayamba m'miyezi 6 yapitayi nthawi zambiri kumatha kubwerera ndi mankhwala ochotsa kutupa, monga prednisolona. Kopitirira apo mwayi umachepa. Dziko la Mozambique linalengeza mu 2008 kuti khate latsika kufika pansi pa munthu mmodzi pa anthu 10,000, koma matendawa sanathe, ndipo odwala atsopano amapezekabe chaka ndi chaka, makamaka ku Nampula, Cabo Delgado ndi Zambézia. Pa dziko lonse amapezeka pafupifupi 200,000 pa chaka.

Kaodzera: pamene mpanda waboola

Kaodzera amabwera ndi kashembe, ntchentche yoluma ya m'tchire imene imaphanso ng'ombe. Mtundu wa kuno, Trypanosoma brucei rhodesiense, unafotokozedwa koyamba mu 1910 ndi John Stephens ndi Harold Fantham, kuchokera kwa munthu amene analumidwa m'chigwa cha Luangwa, mtsinje umene umathira mu Zambezi pa Zumbo. Nyama za m'tchire ndi ng'ombe zimasunga kachilomboka, ndiye amene ali pa chiopsezo ndi alenje, ofula uchi, otema mitengo, asodzi ndi abusa olowa m'nkhalango. Masiku ano odwala ambiri a mtundu umenewu amapezeka ku Malawi, m'maboma a Rumphi ndi Nkhotakota, komanso m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, kumene anthu athu amapita ndi kubwera.

Poyamba kachilomboka kamakhala m'magazi: kutentha thupi, mutu, kuphwanya kwa m'mfundo, nthawi zina chotupa pamalo olumidwa. Zimafanana ndi malungo. Pakapita milungu yochepa kamadutsa mpanda uja n'kulowa mu ubongo. Ma astrocyte ndi microglia amadzuka, natulutsa timadzi toitana asilikali ena a m'magazi, ndipo ubongo umatupa. Mbali yoyendetsa tulo imasokonezeka: wodwala amaodzera masana, usiku maso ali gwa, khalidwe limasintha, kuyenda ndi kulankhula zimavuta. Wosalandira mankhwala amafa m'miyezi yochepa.

Apa mpanda uja umasanduka vuto. Suramina, mankhwala a gawo loyamba, sadutsa bwino kulowa mu ubongo. Kwa zaka zambiri wodwala wa gawo lachiwiri ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic, amene okha ankapha pafupifupi wodwala mmodzi pa 20. Atayesa mapiritsi a fexinidazole ku Rumphi ndi ku Uganda, bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linawavomereza pa mtundu wa kuno mu Disembala 2023, ndipo OMS inawaika m'malangizo ake mu 2024. Amamwedwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya, kwa odwala a zaka 6 kupita m'tsogolo olemera makilogalamu 20 kapena kuposa. Munthu amene wachokera m'tchire la kashembe, akutentha thupi, koma kuyezetsa malungo sikukuonetsa kanthu kapena mankhwala a malungo sakuthandiza, auze a chipatala kumene anali.

Malungo okwera kumutu

Kachilombo ka malungo sikalowa m'maselo a ubongo. Kamakhala m'maselo ofiira a magazi, ndipo maselo odwalawo amamatirira m'mitsempha ing'onoing'ono ya mu ubongo. Magazi amayenda movutikira, mpanda umayamba kudontha, madzi amalowa, ubongo umatupa m'chibade chimene sichingafutukuke. Pa timalo tomwe magazi atulukira, ma astrocyte ndi microglia amasonkhana mozungulira, ndipo mayelini wa pomwepo amawonongeka.

Zambiri za matendawa zinadziwika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba kufufuza m'zaka za m'ma 1980. Mu 2015 gulu la kumeneko linafalitsa zimene linapeza litajambula ubongo wa ana 168 ndi makina a MRI. Pa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa opulumuka ochepa okha ndiwo anali otero. Kutupako kumafinya mbali yoyendetsa mpweya, mwana n'kusiya kupuma.

Ngakhale ndi mankhwala, ana 15 mpaka 20 pa 100 alionse odwala motere amamwalira, ndipo ena mwa opulumuka amatsala ndi khunyu, kuvutika kulankhula kapena kulephera kusukulu. Mwana wotentha thupi amene wakomoka, akugwedezeka, akulephera kuyamwa kapena sakudzuka, ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo kukabayidwa artesunato. Kumene chipatala chili kutali, pitani kaye kwa APE wa m'mudzi mwanu kuti akuthandizeni ndi kukutumizani, osayembekeza kuti kuche.

Khunyu ndi nyongolotsi ya nkhumba

Nkhumba zoyenda zokha m'mudzi zikadya chimbudzi cha munthu wokhala ndi nyongolotsi ya Taenia solium, nyama yake imamera timatuza toyera ngati mpunga, timene kutsidya ku Zambia ena amati masese. Wodya nyama yotere yosapsa amakhala ndi nyongolotsi m'matumbo. Choopsa chachikulu chili pa mazira otuluka m'chimbudzi cha munthuyo. Amene wameza mazirawo, kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, timatuza tija timamera m'thupi mwake, ndipo tina timakakhala mu ubongo. Zimenezi zimatha kugwira ndi munthu amene sadya nkhumba.

Kathuza kamatha kukhala zaka osamveka. Kakayamba kufa, microglia ndi asilikali ena amakaukira, malowo amatupa, ndipo ma astrocyte amamanga chipsera mozungulira. Pa chipsera chotere ntchito yosesa ija siyenda bwino, manyuroni amawombera onse nthawi imodzi, munthu n'kugwa. OMS imati m'madera amene nyongolotsiyi ndi yofala, odwala khunyu pafupifupi 30 pa 100 alionse amadwala chifukwa cha iyo. Kafukufuku anaipeza mwa nkhumba ndi mwa anthu ku Angónia kuno ku Tete, komanso ku Petauke ndi Katete ku Zambia.

Khunyu sipatsirana kudzera m'malovu, m'mpweya kapena pogwira wodwala. Munthu akagwa, muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mugonekeni chammbali, musamuike chala, supuni kapena mankhwala m'kamwa. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala. Mankhwala monga fenobarbital ndi carbamazepina, akamamwedwa tsiku lililonse, amaletsa kugwa kwa odwala ambiri. Mankhwala ophera timatuza ta mu ubongo ayenera kulembedwa ndi dokotala, chifukwa timatuza tikamafa ubongo umatupa.

Chakudya, mowa ndi mankhwala a m'munda

Mwana amabadwa tingwe take tambiri tisanakutidwe. Kukutaku kumathamanga kwambiri m'zaka ziwiri zoyamba, pamene mwana akuphunzira kukhala, kukwawa, kuyenda ndi kulankhula, ndipo kumapitirira pang'onopang'ono mpaka atadutsa zaka 20. Kuti ma oligodendrocyte agwire ntchitoyi amafuna mafuta, ayironi, ayodini ndi vitamini B12. Mkaka wa m'mawere, mazira, kapenta wa m'nyanja ya Cahora Bassa, chiwindi, nyemba, masamba obiriwira otendera nsinjiro ndi mchere wothira ayodini ndi zakudya zimene zimapereka zofunikazi. Phala la ufa woyera lokha silikwanira. Mayi woyembekezera amwe mapiritsi a magazi amene amapatsidwa ku sikelo, chifukwa ubongo wa mwana umayamba kumangidwa ali m'mimba.

Mowa umadutsa mpanda wa ubongo mosavuta. Kachasu womwedwa zaka zambiri amawononga mayelini ndi minyewa ya m'miyendo, makamaka kwa womwa osadya mokwanira, ndipo mowa wa mayi woyembekezera umasokoneza kukula kwa glia ndi manyuroni a mwana. Mankhwala ambiri opopera thonje, fodya ndi tomato anapangidwa kuti aphe tizilombo powononga minyewa yawo, ndipo amachita chimodzimodzi kwa munthu akalowa pakhungu, m'mphuno kapena m'kamwa. Popopera valani zophimba thupi, musayang'ane kumene kukuchokera mphepo, sambani ndi sopo mukamaliza, ndipo zigubu za mankhwalawa musatungiremo madzi.

Matenda ena a glia

Maselo a glia amatha kugawikana, pamene manyuroni a munthu wamkulu nthawi zambiri satero. N'chifukwa chake khansa zambiri zoyambira mu ubongo momwemo zimachokera kwa glia, ndipo zimatchedwa glioma. Pali matenda enanso amene asilikali a thupi amaukira mayelini wa mwini thupi. Mu ubongo ndi mumsana amatchedwa esclerose múltipla, ndipo ndi ofala kwambiri ku Ulaya ndi ku North America kuposa kuno. M'minyewa ya m'miyendo ndi m'manja muli matenda a Guillain-Barré, amene kawirikawiri amabwera patapita masiku munthu atatsegula m'mimba kapena atadwala chimfine: miyendo imafooka, kufookako kumakwera m'mwamba, ndipo kukafika pachifuwa kupuma kumavuta. Ambiri amachira ngati asamalidwa kuchipatala.

Zizindikiro zofunika kupita nazo kuchipatala

Pitani ku posto kapena centro de saúde ya kufupi, kapena ku chipatala cha ku Fingoè, mukaona chimodzi mwa izi:

Banga lotuwa pakhungu losamva kukhudza, dzanzi m'manja kapena m'mapazi, chilonda cha kuphazi chosapweteka, kapena diso losatsinzina bwino.

Kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo, kuodzera masana ndi kusintha khalidwe kwa munthu amene anali m'tchire la kashembe.

Mwana wotentha thupi amene wakomoka, wagwedezeka kapena wauma khosi.

Kugwa khunyu koyamba, makamaka kwa munthu wamkulu amene sankagwa kale.

Mutu wa khanda wokula msanga, kapena mwana aliyense amene wafooka miyendo mwadzidzidzi.

Kupewa kwake kuli m'zinthu zimene banja lililonse lingachite: kugona m'masikito usiku uliwonse, kukumba chimbudzi ndi kuchigwiritsa ntchito, kusamba m'manja ndi sopo kapena phulusa, kutsekera nkhumba m'khola, kuphika nyama mpaka ipse, ndi kuvala zovala zokhuthala za manja aatali polowa m'tchire, kupewa zakuda ndi zabuluu zimene kashembe amazikonda. Ngati m'nyumba mwapezeka wodwala khate, onse okhala naye akaonetse khungu lawo kwa a zaumoyo. Minyewa imene yangoyamba kudwala imatha kupulumuka, ndipo masiku amene wodwala amakhala kunyumba akudikira ndi amene amachepetsa mwayi umenewo.